Kakope Kofiira ka Achimwene Anu

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi bambo akunyumba ndi ana. Mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tikudzuka ndithu. Nyumba yangokula chitisiyireni achimwene anu. Miyezi iwiri tsopano, koma m'mawa ndimatulutsabe makapu awiri.

Nkhani ndi iyi. Ku laibulale kwabwera lamulo lakuti wopanda dipuloma achoke pa desiki chaka chikatha. Zaka makumi awiri ndikubwereketsa anthu mabuku, lero ndabwerera pa benchi. Maphunziro ena ndikukhoza, koma pali limodzi lotchedwa sitatisitiki, masamu ofunsa mulu wa manambala kuti ukunena chiyani. Ndikalephera limeneli, ntchito yatha.

Mukudziwa kuti ine ndi masamu tinasiyana kalekale osatsanzikana. Wa manambala pakhomo pano anali achimwene anu, tepi ya utelala ili m'khosi. Tsiku loyamba aphunzitsi athu, mtsikana wamsinkhu wa mwana wanu woyamba, analemba pa bolodi chinthu chonga M wogona chammbali atakhuta. Ndinafunsa ngati choko chaterereka. Anati ayi, ndi chilembo cha Agiriki, chikuti phatikizani zonse. Ndinati nkhani za Agiriki ndawerenga zambiri, koma palibe anandichenjeza kuti nkhanza zawo zinafika pamenepa.

Kenaka anati aliyense abweretse manambala enieni osachepera 60, apeze avereji, afotokoze tanthauzo lake. Anzanga ena anayeza misinkhu ya anthu, wina anakawerenga magalimoto pa mphambano. Ine ndinalibe kalikonse, mpaka Loweruka pamene ndinkapukuta makina osokera. M'kabati mwake, pansi pa ulusi ndi mabatani, munali kakope kofiira.

Alamu, khalani pansi. Achimwene anu ankandilemba!

Nthawi zonse tikamapita kwinakwake, ine n'kukuwa ndili kuchipinda kuti mphindi zisanu zokha, iwo ankayang'ana wotchi n'kulemba tsiku, kopita, ndi mphindi zenizeni zimene ndatha. Ine ndinkayesa akulemba miyeso ya makasitomala akamaimba mluzu pakhonde paja. Kumsika, 25. Ku msonkhano wa makolo, 39. Kukaona wodwala, 52, ndipo m'mbali analemba kuti wodwalayo tinakamupeza atachira.

Ndinaseka mpaka misozi, koma misoziyo itabwera sinafunenso kuchoka.

Avereji ndinaipeza ndekha, alamu, popanda wondigwira dzanja. Ndinabwereza katatu, katatu konse inatuluka 36. Ine amene ndinkalumbira pamaso panu kuti sindipitirira mphindi khumi! Aphunzitsi anati aka n'koyamba kuona munthu akubweretsa yekha umboni womumanga.

Koma anapeza mavuto awiri. Loyamba, manambala alimo 41 okha. Linalo, nambala yomaliza ndi 2, ili payokha kutali ndi zinzake. Anati imeneyi ndi nambala yosochera, mwina wolemba analakwitsa, ndipo popeza ikukokera avereji pansi ndingathe kuichotsa.

Ndinawauza kuti telala ameneyu sanalakwitsepo muyeso. Linali tsiku lija tinkapita kuchipatala. M'mbali mwake analemba kuti: "Mphindi ziwiri. Ndiye kuti ndadwaladi."

Aphunzitsi anayamba kufunafuna choko chimene chinali m'manja mwawo. Kenaka anati nambala yoona sichotsedwa, ndingoifotokoza. Anatinso manambala akachuluka, yosocherayo siikokanso avereji kwambiri, imangokhala nawo pagulu mwamtendere. Ili ndi phunziro loyamba la masamu limene ndalimva osafunsa kawiri.

Tsono pempho langa nali. Pachikuto cha kopeli palembedwa kuti ndi lachiwiri. Kope loyamba liyenera kuti lili m'katoni ya mabuku imene munatenga kuti muzikumbukira achimwene anu. Chonde lifuneni munditumizire Lachisanu la sabata yamawa lisanafike, chifukwa ndi tsiku lopereka ntchitoyi. Ndikamaliza ndidzakubwezerani.

Ndikudziwa kuti mulitsegula musanatumize, sindinayambe lero kukudziwani. Ndiye ndiyambe ndaulula ndekha. Mupezamo tsiku la ukwati wanu. Galimoto sinawonongeke, alamu. Achimwene anu ananama pofuna kunditchinjiriza. Ndinali nditavala kale, nsapato imodzi kuphazi, ndikumaliza buku limene linatsala masamba makumi atatu okha, velo yanu ili m'chikwama changa. Inu munkadikira m'vesitili mutu uli pamtunda, kwaya ikubwereza nyimbo imodzi kachisanu. Zaka zonsezi mwakhala mukutukwana galimoto yosalakwa, ine n'kumakuthandizani kutukwana.

Ndikhululukireni. Ndipo ngati mwakwiya, tumizani kaye kopelo, mukwiye bwino pambuyo. Nambala ya tsikulo ikule chotani, nayonso sindiichotsa.

Mulungu akusungeni nonse, mwendowo uchire msanga. Mundiperekere moni kwa bambo, kwa ana, ndi kwa azakhali, muwauze kuti juzi yawo achimwene anu anasiya ataimaliza, yangotsala mabatani.

Mukapatsira pa basi, mundiuze nthawi, ndikalandira ndekha ku depoti. Kondakitala mumuuze andidikire mphindi zisanu zokha. Akakufunsani kuti zisanu zake ziti, tsopano tili ndi yankho la sayansi.

Ndine mlamu wanu,
uja mumati Amake Ndikubwera