Maloko Awiri ndi Utsi wa kwa Telala

Aphungu,

Mutu wanga waima. Ndine wojambula zithunzi, ndimachita lendi kachipinda pakati pa telala ndi wokonza mafoni. Mwezi wathawu akuba adathyola kwa wokonza mafoniyo n'kusesa zonse, mpaka benchi ya makasitomala. Chaona mnzako chapita, ndiye ndidaitana alamu anga owotcherera zitsulo. Adatchinga windo, kenako adandipangira bokosi lachitsulo n'kulikhomerera pansi. Ndidaikamo kamera, malenzi, laputopu, makadi a m'kamera ndi mafulashi atatu omwe ndimakoperamo zithunzi. Bokosilo lili ndi maloko awiri. Alamu adati, "Makiyi onse asakhale ndi iwe, akakuchinga panjira watha." Choncho kiyi winayo amasunga mayi akunyumba, amadzera m'mawa kudzanditsegulira popita kumsika.

Lachiwiri lapitali mayiwo adapupuluma ndi ntchito zawo, sadadzere. Masana telala adaiwala simbi pansalu n'kupita kukadya. Utsi udayamba kulowa kwanga kudzera kudenga. Ndidatsegula loko wanga, winayo ali gwa! Ndidakoka bokosi, koma alamu anga ntchito amaitha. Anthu adachita kundiduduluzira panja ndikutsokomola.

Panjapo mayi wina, kasitomala wanga, adafika akuthamanga. Ndinkayesa akulirira diresi lake kwa telala, koma adandigwira malaya. "Achimwene, zithunzi za mwana wanga mwatulutsa?" Mwanayo ndidamujambula tsiku loyamba sukulu, ndipo adamwalira chaka chatha. Foni yomwe ndidawatumizirapo zithunzi idatayika, zotsala zili kwa ine basi. Aphungu, ndidanama. Ndidati zili pabwino, pomwe zidali mu utsi momwemo.

Moto adauzimitsa usadafike kwanga, koma mtima sukukhala pansi. Alamu akuti aonjezere chitsulo. Mayi akunyumba akuti ndizibweretsa zonse kunyumba, chonsecho kumeneko ana anayi ndi mbaula zili pabalaza limodzi. Telala akungoseka, akuti sizidzachitikanso. Ndikatseka ndikuopa moto, ndikatsegula ndikuopa akuba. Ndikawaona mayi aja panjira ndikumakhota. Kodi ndimvere yani?

W.G.K., pafupi ndi msika

Bambo W.G.K.,

Pepani ndi utsiwo, koma ndikuuzeni mosapsatira: mafulashi atatu ogona m'bokosi limodzi ndi fulashi imodzi. Wakuba akanyamula anyamula onse, moto ukafika udya onse. Bokosi lachitsulo limatchinga dzanja la munthu, koma pamoto limasanduka uvuni, zam'kati zimapsa loko ali chitsekere.

Mwasokonezeka chifukwa mukusunga zinthu ziwiri zosiyana ngati chinthu chimodzi. Kamera imafuna kutsekeredwa. Zithunzi zimafuna kumwazidwa.

Yambani ndi zithunzi. Fulashi imodzi itsale kuntchito, ina ipite kunyumba pamwamba pa wadilopu pomwe ana safika, yachitatu kwa m'bale wokhala dera lina. Mukajambula ukwati kapena mwambo uliwonse, koperani tsiku lomwelo, ndipo musafufute kadi musanatsegule zokoperazo n'kuona ndi maso kuti zilipodi. Zofunika kwambiri muzitumizenso pa intaneti, m'malo osungira otetezedwa ndi nambala yanu yachinsinsi. Kumeneko simbi ya telala sifika.

Bokosi lisiyeni, alamu anu sadalakwitse kulikhomerera. Adalakwitsa pa makiyi. Mukakhala pantchito, onse awiri azikhala m'thumba mwanu. Mayi akunyumba adulitsireni awo apadera. Lembani nambala za kamera ndi malenzi m'kope, kopelo likhale kunyumba, kuti zikabedwa mukhale ndi chosonyeza apolisi. Funsaninso za inshuwalansi, mumve bwino ngati ikukhudza moto ndi kuba komwe. Mabatire musawasiye pamagetsi inu kulibe, nawonso amayatsa. Ndipo poti denga lanu ndi limodzi, khalani pansi atatu nonse ndi eni nyumba, mugule chozimitsira moto ndi kabelu kolira kakamva utsi. Telalayo aseke atasonkha.

Chenjezo langa ndi ili: utsi ukadzalowanso, tulukani. Osalimbana ndi bokosi. Ana anu anayi sangakopere bambo awo pa fulashi.

Koma zonsezi zingadikire mpaka Loweruka. Chosadikira ndi mayi aja. Mukuwazemba chifukwa mukudziwa kuti mudawanamiza, ndipo mukusenza nokha katundu amene si wanu. Mawa m'mawa tsukani zithunzi zonse za mwanayo, muziikenso pa fulashi yatsopano, mupite nazo kwawo. Auzeni zoona, kuti tsiku lija zidatsala pang'ono kupsa. Mwina akwiya, mwina alira, inu musadzikanire. Muwapemphe kuti zina apereke kwa azibale awo.

Kamera ikapsa mudzalira mwezi, kenako mudzapeza ina m'sitolo. Mwana uja sadzaimanso kutsogolo kwa kamera ya munthu aliyense. Mutulutseni m'bokosimo, apite kwa amayi ake.

Aphungu