Galimoto Yosalira ya Wezi

Amayi, kodi kumene muliko kukucha bwanji?

Ndine Temwa, mwana wanu woyamba. Ndakhala nthawi osakulemberani. Sikuti ndinaiwala ayi, koma ndinkadikira kuti ndikhale ndi nkhani yoti mukaimva mtima ukhale pansi. Tsopano ndili nayo.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Kuno ku Nkhorongo kukuzizira monga mukudziwira, nkhungu ikumatsika kuchokera ku Kaning'ina mpaka zovala kugona pachingwe osauma. Mtengo wa mapeyala munadzala kuseri kwa bafa uja wabereka mpaka nthambi ina kuthyoka. Mbatata zachita bwino, koma nyemba zinapita ndi mvula. Denga la kukhitchini likudonthabe. Mkamwini wanu akuti akonza, ndipo inu mukudziwa kuti "ndikonza" wa a Gondwe amadutsa madzinja angati. Amayi Mkandawire oyandikana nafe aja amakutchulanibe. Akuti m'dera lonse lino mulibenso telala wodula kolala ngati inu, ndipo amasekabe kuti munakhala mu Mzuzu zaka zonse zija koma Chitumbuka chanu chinathera pa "yewo chomene".

Muli ndi mdzukulu wina, wamkazi. Tamutcha Lusungu. Chipumi ndi chanu, ndipo akakwiya amakwinya nkhope ngati momwe munkachitira ulusi ukaduka.

Nkhani yaikulu ndi ya Wezi, mzime wanu. Titabwerako kumaliro anu ku Dowa, Wezi sanabwererenso kukoleji kumene ankaphunzira za magalimoto kuja. Analowa m'chipinda chanu chosokera n'kutseka chitseko. Ankangokhala pampando wanu, phazi lili pa chopondera cha makina, osasoka kanthu. Chakudya ndinkachipeza momwe ndachisiyira. Ndikamulankhula ankangoti, "Ndili bwino, asisi," koma masiketi ake anayamba kumukulira. Ndinkaopa, Amayi. Ndinkafuna kumukalipira, kumukoka kuti atuluke, koma ndinkakumbukira zimene munandiuza muli pabedi kuchipatala, zoti Wezi ali ngati nsalu yoterera, ukaikoka imakwinyika, umangoigwirizira makina aziyenda okha. Ndiye ndinagwirizira, ngakhale sindinkaona kumene tikupita.

Patapita miyezi anayamba kutuluka m'mawa n'kumabwera madzulo, m'zikhadabo muli dongo lofiira, malaya akununkha oyilo. Ine maganizo anga anathamangira kwa mwamuna. Tsiku lina ndinamufunsa mosabisa. Anandiyang'ana, kenaka anati, "Valani nsapato, mukaone nokha."

Ananditengera ku Katoto, kugalaja ya bambo wina wachikulire, makaniko, dzina lake a Nyirenda. M'njira ndi mmene anandiuza kuti mphunzitsi wake wina anamufunafuna n'kumubweza kukoleji, ndipo kuti amalize maphunziro anafunika kupanga chinthu chooneka ndi maso pamodzi ndi anzake awiri. Kuseri kwa galajayo, pansi pa tenti, panali galimoto yophwanyika pangozi imene mwini wake anaitaya. Pambali pake, patebulo, panali galimoto ina yadongo, yaitali ngati mkono wanga. Mukukumbukira momwe munkamukalipira akadetsa yunifolomu ndi dongo la pachulu? Ndi dongo lomwelo, koma tsopano losalala ngati mbale.

Ndikufotokozereni momwe inalili, chifukwa inu munkakonda kuona kadulidwe ka chinthu musanafunse mtengo. Si kagalimoto kakang'ono ka m'tauni, komanso si zimagalimoto zazikulu za mabungwe zija. Ili pakatikati. Mimba yake ndi yokwera kuti isamakhule pansi m'misewu yathu yokumbikayi. Mphuno ndi yaifupi kuti woyendetsa aziona dzenje lisanamupeze, denga limatsetsereka chakumbuyo kuti mphepo izingodutsa, nyali ndi zopyapyala ngati maso a munthu amene akuyang'ana padzuwa. Zitseko ndi zimene zinandiimitsa. Chakutsogolo ndi chakumbuyo zimatseguka kuchokera pakati ngati za kabati. Wezi anati achita dala kuti wodwala kapena munthu wokalamba azilowa osapindika. Tonse awiri tinakumbukira momwe tinavutikira kukulowetsani mu takisi tsiku lomaliza lija.

Thupi limeneli ankafuna kuliveka pa mafupa a galimoto yophwanyika ija, imene inali ya mtundu umene akuutcha haibulidi. Ndinamufunsa kuti mawuwo akutanthauza chiyani. Amayi, mukanamumva! Mwana amene anakhala miyezi akuyankha ndi mawu awiri analankhula mpaka kuiwala kupuma.

"Asisi, muli zokoka ziwiri," anatero. "Pali injini ya petulo, palinso mota ya magetsi imene imatenga moto mu batire lalikulu. Ponyamuka ndi poyenda pang'onopang'ono m'tauni, mota ndiyo imakoka, injini ili chete. Pachitunda zimathandizana. Potsika, mukaponda buleki, mota ija imasanduka ngati dayinamo ya njinga, imayamba kubwezera moto mu batire. Ndiye chitunda chimene chakudyerani mafuta pokwera chimakubwezerani kenakake potsika. Mzuzu yonseyi si zitunda zokhazokha?"

Masiku amenewo mafuta ankasowa, magalimoto ankagona pamizere, choncho ngakhale ine ndinamva phindu lake. Anandionetsanso mawaya okhuthala a mtundu wa lalanje. "Awa musadzawakhudze," anatero. "Moto wake si wa batire wamba. Umapha." Anati batirelo akufuna kulichotsa pamene linali, alikweze m'mwamba pang'ono ndi kulitsekera m'bokosi kuti madzi ndi matope a dzinja la kuno asalifike. Ndinabwerera kunyumba ndikusangalala kuti mng'ono wanga wayambanso kulankhula. Za mawaya aja sindinaziganizirenso.

Tsiku lina masana, mimba ya Lusungu itakula kwambiri, foni inalira. Anali a Nyirenda. "Amama, mwize luwiro, Wezi wapwetekeka," anatero, kenaka anabwereza m'Chichewa kuti ndithamangire kuchipatala. Pamsewu panalibe takisi ngakhale imodzi chifukwa cha vuto la mafuta lija. Ndinakwera njinga ya kabaza, ine ndi mimba yangayo, ndikugwira mpando ndi manja onse awiri. Njira yonse ndinkalankhula ndi inu. Ndinkati, Amayi, musamutenge, mwangopita kumene inu, mundisiyire ameneyu.

Ndinamupeza ali moyo. Dzanja lamanja linali litakulungidwa m'mabandeji, nsidze zitawauka mbali imodzi. Ankamasula batire lija, ndipo pofuna kugwira bwino kabawuti kakang'ono anavula magolovesi. Sipanala inakhudza mbali ziwiri nthawi imodzi, moto unalilima, iye n'kugwera chagada. A Nyirenda anandionetsa sipanalayo, kunsonga kwake kutasungunuka ngati kandulo. Adokotala anamugoneka kuti aone ngati mtima ukugunda bwino, ndipo unali bwino.

Achimwene anu, amalume a Fanuel, atamva anabwera kuchokera ku Dowa. Ananditengera panja pa wodi. "Temwa, iwe ndiwe mayi wake tsopano," anatero. "Chaka chisanathe tiikenso wina? Muuze asiye zimenezi. Ndimutenga, akapume kumudzi." Sindinawatsutse, chifukwa mumtima mwanga ndinkafuna zomwezo. Ndinalowa m'wodi nditakonza kale mawu.

Wezi anandiona nkhope n'kudziwa. "Asisi, mukanena kuti ndisiye, ndisiya," anatero. "Wolakwa ndine, ndinavula magolovesi ndikudziwa. Koma chimwalirireni amayi, kugalaja kuja ndi kokhako kumene ndimamva njala."

Ndinakhala pansi, Amayi. Ndinaona kuti mbali zonse ziwiri kuli kumutaya. Kwina ndi mawaya aja, kwina ndi chipinda chotseka chija, ndipo cha chipindacho ndinali nditachiona kale ndi maso anga. Ndinapita kwa a Nyirenda, amene anali atakhala pabenchi chipewa chili m'manja. Iwo anandiuza kuti pa batirelo pali pulagi yodula moto, ndipo analonjeza kuti kuyambira tsikulo palibe adzayandikire mawaya aja pulagiyo isanalowe m'thumba mwawo, ndiponso wopanda magolovesi adzabwezedwa pachipata. Ndinauza amalume kuti Wezi apitiriza. Anakwera basi osanditsanzika.

Miyezi yotsatira sindinkakhala mwamtendere. Foni ikalira masana, ndinkasiya zonse n'kuithamangira. Lusungu anabadwa, dzanja la Wezi linapola, linangotsala ndi chipsera pachikhatho. Madzulo ndinayamba kumva makina anu akulira m'chipinda muja. Sindinafunse chimene akusoka. Ndinkangoimirira m'khonde kumvetsera.

Mwezi watha ndi pamene anaonetsa galimoto ija kukoleji, pabwalo, pamaso pa aphunzitsi ndi makolo. Amalume anabwera. Wezi ndiye anawaimbira yekha foni, ine sindinadziwe. Atachotsa tenti, galimoto yadongo ija inali itaima patsogolo pathu yaikulu, yachitsulo, yobiriwira ngati masamba a paini. Atatsegula zitseko zija ndinaona chimene ankasoka. Mipando yonse anaikuta ndi nsalu yolimba, ndipo m'mphepete anadutsitsamo tizidutswa ta zitenje munasiya m'thumba. Ndinazindikira cha maluwa achikasu chimene munasokera diresi langa la ubatizo.

Wezi analowa, anavala lamba, anadina batani. Sikunamveke kanthu. Tinadikira. Anthu ena kumbuyo anayamba kunong'onezana. Ndinaona amalume akuvula jekete, n'kundipatsa kuti ndiwagwirire. "Yakana kulira," anatero motsitsa mawu. "Mwanayu asachite manyazi pagulu. Anyamata, tiyeni tikankhe." Anapinda malaya, anapita kumbuyo kwa galimoto, anatambasula manja. Asanaikhudze, inanyamuka yokha, mwakachetechete, kumangomveka matayala akuphwanya timiyala. Amalume anatsala ataweramira mphepo. Bwalo lonse linaphulika ndi kuseka, iwonso anaseka mpaka kupukuta misozi ndi tayi. Inali italira kale, Amayi, kungoti pa magetsi siimveka.

Aphunzitsi atamaliza mafunso awo, anatilola kukwera pa kamsewu kafumbi ka kuseri kwa koleji. Ine ndinakhala kumbuyo ndi Lusungu, amalume kutsogolo. Potsetsereka Wezi anatilozera kagalasi kamene kali pafupi ndi chiwongolero, timivi tikuthamangira ku batire. "Apa ikudzaza," anatero. Titayamba kukwera, injini inadzuka yokha, pang'onopang'ono, ngati munthu wotsokomola mwaulemu m'tchalitchi. Mwana sanadzuke n'komwe. Tinadutsa m'maenje osamva kukhula pansi. Amalume ankasisita nsalu ya mpando njira yonse. Potsika anangoti, "Mlongo wanga akanaona." Kenaka anagwira dzanja la chipsera lija, analitembenuza, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kumuuza kuti, "Magolovesi, wamva?"

Ndisakunamizeni kuti zonse ndi zangwiro. Chitseko chakumbuyo chimagogoda, ndipo mvula ikagwa madzi amalowa pakona ya galasi. Aphunzitsi anati imeneyi ndi galimoto yachitsanzo, yongoonetsa maganizo, si yogulitsa ndipo siiloledwa mumsewu waukulu. Mwina sidzapangidwanso ina. Koma Wezi wakhoza, ndipo a Nyirenda amutenga kuti azigwira nawo ntchito, chifukwa magalimoto a mtundu umenewu akuchuluka m'tauni muno pamene amakaniko ambiri amaopa kuwatsegula.

Pakhomo pano pabwerera phokoso. Wezi amakangana ndi mlamu wake za mpira, amaba mapeyala osapsa n'kuwabisa mu ufa, ndipo akamasambitsa Lusungu amaimba nyimbo za kwaya molakwitsa mawu. Ine ndayambanso kugona tulo.

Pali chinthu chimodzi chimene mwina simunachione. Tsiku lokuikani, Wezi sanafike kumanda. Anathera panjira, pansi pa mtengo wina wa mango, anakana kupitirira, ndipo chiyambire sanalole kuti munthu atchule za kumeneko. Dzulo tikutsuka mbale anandifunsa osandiyang'ana, "Asisi, kodi pamene anagona amayi pali mthunzi?" Ndinati ulipo pang'ono. Anati akufuna akaone.

Choncho mvula isanayambe tibwera, Amayi, ndikulonjeza. Tidzatenga makasu ndi tsache, ndidzabereka mdzukulu wanu, ndipo ulendo uno Wezi adzafika mpaka pamene mwagonapo.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Temwa