Munda wa Nswala

Rockingham, Perth
14 Juni 2021

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino ndipo bondo lija lasiya kukuvutitsani. Kuno mvula yayamba, kukuzizira, ndipo malire akadali otseka chifukwa cha Korona.

Bambo, ndili ndi mlandu. Ku hotela kuja ntchito inatha chaka chatha alendo atasiya kubwera, koma pafoni ndinkangoti zonse zili bwino. Ndinkaopa mawu amene munandiuza pabwalo la ndege: “Tisungeni, khasu walisiya pano, usakaligwirenso.” Pepani, ndaligwiranso.

Ndikugwira ntchito pafamu ya mayi wina dzina lake Cathy, kunja kwa tauni. Amaweta nswala za kuno, zonga mbawala zathu, koma zamphongo zili ndi nyanga za mphandamphanda ngati nthambi. Famuyo theka lake ndi nkhalango. Timabzalamo mitengo, ndipo yogwa yokha sitiitola. Nkhuni zonsezo zimangowola dala kuti tizilombo tipeze pokhala! Ine mtima umandipweteka ndikamazidutsa.

Mwezi watha anandipatsa kamunda pakati pa mitengo kuti ndibzale nyemba zawo zotchedwa lupini. Ndinaunga mizere yowongoka monga munandiphunzitsira, mpaka Cathy anaijambula. Zitamera, tsiku lina m’mawa ndinapeza nswala zisanu ndi ziwiri zili jedujedu m’munda mwanga. Mwana wanu sindinaganize kawiri. Ndinatola chidebe ndi mtengo, kuliza, kukuwa, kuzithamangitsa mpaka kumtsinje. Kenako ndinamangirira zitini pachingwe kuzungulira munda wonse, ngati kwathu ku Kasungu, n’kupita kukanena monyadira.

Cathy atamva zimenezi anati, “Tisungeni, mundawo ndi wawo. Tinabzalira izozo.”

Manyazi ake, Bambo! Anandifotokozera kuti chilimwe chinaziwondetsa, ndipo zazikazi zili ndi bere. Masiku anayi sizinabwerere. Ndinamasula zitini zanga ndikuyembekeza kuchotsedwa ntchito, koma iye anangofunsa kuti nzeru ya zitiniyo ndinaitenga kuti. Nditamuuza za inu, mafunso sanathe: mbawala zimalowera mbali iti, zimayamba kudya chiyani, zimaopa fungo lanji. Zina ndinayankha, zambiri sindikuzidziwa.

Tsopano ndimakhala phee kuseri kwa mtengo n’kumaziyang’ana. Kodi mumadziwa kuti imodzi siidya, imalondera zinzake? Nanga n’chifukwa chiyani zimasiya pakati pa munda n’kumadya m’mphepete? Funso limeneli landisowetsa mtendere. Ndisabise, ntchitoyi ndaikonda kuposa kuyala mabedi a alendo, ndipo ndikufuna chaka chamawa ndikaphunzire za nkhalango ku yunivesite ya ku Crawley. Koma sindilembetsa musanandiyankhe. Mukakana ndimva, ngakhale zidzandiwawa.

Mupereke moni kwa Amayi ndi kwa azakhali a Consolata, muwauze kuti manja anga achitanso zikang’a. Ndipo inu Bambo, amene mwathamangitsa mbawala m’munda mwanu zaka makumi anayi, palibe wozidziwa kukuposani. Ngati mwandikhululukira, musavutike kulemba zambiri. Mungondiuza chimene zinkakuberani kwambiri, kuti ndizibzalire chomwecho.

Ndine mwana wanu,
Tisungeni