Dzanja Lomwe Ndinakwezera Sopo

Loweruka, 11 Meyi

Tikondwe. Ndiyambe ndi dzinali kuti ndisadzaiwale. Mnzanga wa bedi lapamwamba, womwera naye kapu imodzi chiyambire Folomu 1.

Lero linali tsiku lothandiza okalamba. Sukulu yathu ya mishoni imachita zimenezi teremu iliyonse. Lole, kwaya, makatoni a sopo, shuga ndi mchere. Ulendo uno kwathu, kufupi ndi Chipoka. Ndinalembetsa nawo kuti ndikaoneko ababa. Sindinawapeze, anali kudoko ndi usipa wawo.

Tasesa, tatunga madzi, tagawa katundu. A Naima, azakhali awo a ababa, makutu anafa kalekale. Sanamve dzina lawo, ndiye awadumpha. Ndinakhala nawo pamphasa kudikira. Kenako abusa Jameson pa chimkuzamawu chawo chodukaduka chija: "Amene sanalandire... akweze dzanja!" Ine dzanja m'mwamba. Sopo wa a Naima. Osadziwa kuti chimkuzamawu chinameza liwu limodzi: abusa ankati amene sanalandire Yesu.

Tikondwe anali pambali panga. Ndinali nditangomuuza kumene za sopoyo. Anakuwa "Aleluya, Zuleka!" n'kundikokera kutsogolo. Nthungululu. Manja a anthu pampango wanga. Mafoni m'mwamba. Pakamwa panga pano, pomwe amati sipatseka, panauma gwa.

A Naima abwerera chimanjamanja.

Lolemba, 13 Meyi

Paasembule ahedi akuti nkhosa yosochera yabwerera m'khola. Nkhosayo ndine. Atsikana omwe sanandipatsepo moni andikumbatira mpaka kunditha mpweya. Pankhomaliro wophika wandithirira nyemba zipande ziwiri. Kani kutembenuka mtima kumanenepetsa.

Ndamupanikiza Tikondwe kumpopi. Osachita ndi manyazi omwe. Akuti, "Iwe, Mulungu amagwiritsa ntchito ngakhale sopo." Zisankho za wapampando wa gulu la mapemphero zayandikira. Anzake akuchita kampeni ndi maswiti, iye akuchita ndi ine.

Ndikanamuthira madzi a m'ndowa. Ndaleka, madziwo ndinawavutikira pamzere.

Lachitatu, 15 Meyi

Achimwene anga Hashim aimba pafoni ya amatironi. Vidiyo yafika. Ili pafoni ya aliyense kudoko, mpaka anyamata okoka makoka. Ine pakati, mutu woweramitsa, abusa atandisanjika manja. Ndinaweramitsa chifukwa cha manyazi, koma vidiyo sinena zimenezo.

Ababa sakudya. Akuti anapita kukafunsa a Naima, poti analipo. Atawakuwira kukhutu, gogoyo n'kuyankha, "Analandira mwanayo, ndinamuona ndi maso angawa. Ine ndiye sindinalandire."

Ndaseka. Kenako ndalira, amatironi akundiyang'ana.

Ababa ndi amene analimbana ndi mtundu wonse kuti ndibwere kuno. Amalume ankati akakubatizirani mwanayo. Ababa n'kumati Zuleka wanga ali ndi mutu. Lero amalume akuyenda chifuwa patsogolo.

Lachisanu, 17 Meyi

Ijumaa, tsiku lathu la mapemphero Asilamufe. Ndaswali kuseri kwa hositelo ngati kale, pachitenje. Koma tsopano ndikuchita mobisalira ngati wakuba. Kale ankangondilambalala. Lero akandiona ati ndabwerera ku masanzi.

Ndapita kwa abusa Jameson. Ndafotokoza zonse, za a Naima, za chimkuzamawu. Amvetsera bwinobwino, si munthu woipa ayi. Pomaliza akuti, "Mwana wanga, mantha amabwera kwa aliyense wongoyamba kumene." Ndiye andiika kuti ndipereke umboni Lamulungu. Kukubwera alendo a ku Lilongwe, omwe amatilipirira fizi atsikana enafe.

Palibe wanena kuti ndikakana fizi idulidwa. Palibenso wanena kuti siidulidwa.

Mayeso a Folomu 4 ali pakhomo. Buku la Bayoloje lili chitsegulire patsamba limodzimodzi kuyambira Lolemba. Mwera wayamba, milomo kung'ambika, mafuta odzola atha. Ndipempha bwanji kunyumba?

Lamulungu, 19 Meyi

Ndinati zivute zitani, ndinena. Tchalitchi chodzaza, alendo kutsogolo ndi masuti awo. Ndinagwira maikolofoni n'kunena mawu omveka bwino: "Ine ndinakweza dzanja chifukwa ndinkafuna sopo."

Kenako mayi wina mwa alendowo, chipewa ngati lichero, anadzuka: "Ameni! Sopo wotsuka machimo!" Tchalitchi chonse kuphulika. Kwaya kuyambitsa nyimbo ya kutsukidwa, Tikondwe patsogolo, maso otseka. Ndinayesa kupitiriza, ng'oma zinandimiza.

Mayi wachipewa wandipatsa mpango wa m'manja. Akuti sanamvepo umboni wakuya chonchi.

Ndanena zoona pamaso pa anthu onse ndipo zoonazo zandimangirira mfundo ina. Kodi munthu atani?

Lachinayi, 23 Meyi

Tikondwe sindikumuyankhula. Amatsika pabedi lake, ine nkhope kukhoma. Wandisiyira chigumu papilo. Ndapatsa nyerere.

Dzina langa lili m'kalasi ya ubatizo. Ndikumanamizira m'mimba.

Loweruka, 25 Meyi

Tsiku loona ana. Ababa abwera okha, ndi kanzu yoyera ya pa Idi ija. Sanalowe m'holo, anakhala pansi pa mtengo wa m'bawa pafupi ndi geti. Ndinagwada. Ndikanakonda akanandikalipira. Aonda.

Ndafotokoza. Anangoti, "Sopo." Kenako, "Mnzakoyo ali kuti? Abwere anene pamaso panga, ine ndikanene kumzikiti kuti ndamva ndekha."

Ndinathamanga. Kuhositelo kulibe. Kumpopi kulibe. Ndinamupeza m'tchalitchi ndi gulu lake, atagwada. Ndinamukoka bulauzi. Ndati Tikondwe, mawu awiri okha, ababa ali pageti. Ndinamupempha, ine, Zuleka, amene sindinapemphepo ngakhale cholembera. Anandiyang'ana, anayang'ana anzake aja, zisankho ndi mawa. Akuti, "Tili pa kusala kudya, sitituluka mpaka dzuwa lilowe."

Minibasi yomaliza yopita ku Chipoka sidikira dzuwa.

Ndinabwerera ndekha. Ababa anaona kuti ndili ndekha, anaimirira n'kusasa kanzu. Akuti mayeso ndilembe, poti ndinalembetsa kale. Pepala lomaliza likangotha Hashim adzanditenga. Za kukoleji ya unamwino ndiiwale. "Sukulu yakwana, mama."

Anasiya kathumba ka usipa wouma ndi mpunga wa ku Chinguluwe. Sanatembenuke.

Lamulungu, 26 Meyi

Wapambana. Wapampando.

Lachiwiri, 11 Juni

Sindinalembe. Ndilembe chiyani? Kuwerenga, kudya, kugona. Ndikuwerenga ngati wamisala, sindikudziwa chifukwa chake. Anzanga akukambirana za Lilongwe, za Zomba. Ine ndikudziwa kale komwe ndikupita, kuthandala, kukatembenuza usipa ndi satifiketi yanga.

Dzulo wapampando wathu mtima wamutsutsa. Anapita kwa amatironi akulira, n'kuulula zonse. Amatironi anandichotsa m'kalasi ya ubatizo, abusa andipepesa, aphatikizapo ndi vesi. Fizi sinakhudzidwe n'komwe. Mantha onse aja, pachabe.

Amatironi anaimbira ababa, ine ndili pomwepo. Anamvetsera mpaka kumapeto. Akuti Alhamdulillah, iwo mumtima ankadziwa. Koma analankhula kale pamaso pa ashehe ndi abale onse kuti mwana akubwerera kunyumba, ndipo munthu wamkulu sameza malovu omwe walavula. Amene anadula foni ndi iwo.

Zoona zomwezi zikanatuluka tsiku lija pageti, bwenzi ndikusoketsa yunifolomu yoyera chaka chamawa.

Lero m'mawa Tikondwe wandigwadira pakhonde, maso ofiira, anthu akuonerera. Akuti ndimukhululukire kuti mtima wake upepuke, akulephera kuwerenga. Ndiye ndimupepukitsenso ineyo. Ndamuuza kuti adzuke, akudetsa siketi. Amatironi akuti ndine wouma mtima. Mwina. Allah amakhululuka, Iye ndi wamkulu. Ine ndine wa ku Chipoka.

Ndasamutsa matiresi anga, ndili kubedi lakukhomo, kumene kumalowa mphepo.

Nkhaniyi yathera pano. Dzina lake sindilembanso, ndipo wondifunsa aliyense sindimuyankha.