Mkulu wa Injini Amuchotsa M'buku

Chipadze, Bindura

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dedzako pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti chifuwa cha bambo chayambiranso.

Buku latsopano lofotokoza za kanema wathu uja wa zombo za m'mlengalenga lafika ku holo ya pamgodi, ndipo Loweruka tinaunjikana kukaliona. Akapitawo onse a zombozo alimo, ngakhale mipando yawo aijambula. Koma mkulu wa injini uja, wogwira ntchito kunsi kwa chombo, amene tinkamutcha Wakwathu, mulibe. Ndinafufuza tsamba ndi tsamba, ndi dzina lake lomwe osalipeza.

A Banda, oyang'anira holo, anati, "Olemba ndiwo akudziwa, Jemusi. Lakale lija linatha ntchito." Ndinawafunsa ngati chombocho chinkayenda ndi mipando. Anzanga a pashifiti anaseka, ena akuti ndikulimbana ndi zachibwana. Anene zimenezo. Ine kanemayo ndimaonera iyeyo, munthu wotuluka pansi ali bii, thukuta lili kamukamu ngati ife.

Tsono buku lakale lija munapita nalo, mulipatsire aliyense wobwera kuno. Ndidulamo tsamba la Wakwathu n'kulimata m'latsopanoli, a Banda afune asafune. Inu munagwirapo pamgodi, mukudziwa kuti sitikwera kupita kunja mnzathu atatsala pansi.

Mupereke moni kwa onse. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Jemusi