Chipsera cha Paphewa

Achimwene,

Kuno tadzuka, kaya inu kutaliko. Koma ine ndakwiya nanu.

Dzulo mdzukulu wathu anakabayitsa khanda lake katemera woyamba. Atabwerako ndinamupeza akulira, akufinya kantchafu ka mwana kuti mankhwala atuluke. Pomufunsa, akuti, "Agogo aamuna anena pa foni kuti katemera amapha." Kamwendoko katupa ndi zala zake, osati jakisoni. Anamwino ati kutupako kuphwa, ndipo ulendo winawo ndimuperekeza ndekha.

Kodi inu udokotala munauphunzira kuti? Vulani malaya muone chipsera chili paphewapo. Tsiku lija tinayenera kubayidwa ana atatu, koma amayi anabisa wamng'ono kuseri kwa chitseko. Nthomba itabwera, mukudziwa tinatsala angati.

Mwanayu musamuimbirenso za zimenezi.

Ndine mlongo wanu.