Fayilo Yolembeka Theka

14 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Pepani kuti ndikukusokonezani pa ntchito yanu kutaliko. Pafoni ndikanachita chibwibwi, n'chifukwa chake ndalemba.

Kompyuta imene munatikonzera kuno kosindikizira mapepala inaumanso Lachiwiri. Inangoti gwaa, kamuvi osasuntha. Ndinakumbukira zonse zimene munandiphunzitsa: kuti ikauma ndisazimitse, koma ndidine mabatani aja munawapaka utoto wofiira, kuti ilembe m'fayilo zimene mtima wake uja mumauti kenelo unkachita pamene unakodwa. Munati fayilo imeneyo, dampu ija, ndiyo ingakuuzeni pamene pali matenda. Mukudziwa mmene tinadikirira kuti iumenso.

Ndinadina bwinobwino. Inayamba kulemba, manambala akukwera pang'onopang'ono ngati munthu wa mwendo wotupa. Pakauntala panali bambo wina wodikira mapepala a mwambo wa maliro a mkazi wake, galimoto ikulira panja. Abwana anaima kumbuyo kwanga.

"Mayi, mukuonera filimu? Zimitsani muyatsenso!"

Ndinati, "Bwana, ikulemba kaye."

"Ikulembera ndani, chibwenzi chake?"

Anzanga anaseka. Bambo uja sanaseke, anangondiyang'ana. Achimwene, ndinazula pulagi ndi dzanja langali.

Nditaiyatsanso, mapepala anatuluka, bamboyo anapita. Koma fayilo ija ndi yaing'ono kusiyana ndi mmene munanenera, ndikuona kuti inalembeka theka. Ndaikopera pa fulashi, ndakulunga m'pulasitiki kuopa chinyezi, ndipo ndapatsira woyendetsa basi pamodzi ndi kalatayi.

Abwana akuti Lolemba aitana munthu wina adzafafanize zanu zonse n'kuikamo zake. Ayamba kale kuuza makasitomala kuti inuyo, mlongo wanga, ndinu wongoyerekeza. Zikundiwawa, chifukwa ntchito ino munandipezera ndinu, ndipo kanthu kamodzi kokha kamene munandipempha ndalephera.

Kodi theka lingawerengeke? Ngati ayi, ndiuzeni mawu oti ndikawachonderere nawo abwana kuti adikire iumenso. Ulendo umenewo ndidzaika mpando wanga patsogolo pa pulagi, kaya akalipe bwanji. Chonde ndiyankheni lisanafike Loweruka, kuti ndipeze nthawi yoloweza mawuwo.

Amayi akupereka moni. Dzulo anadutsa pano ndi anzawo, n'kuwalozera kompyutayo pawindo, amvekere, "Zonsezi ndi mutu wa mwana wanga." Ine ndinangotenga kansalu n'kuipukuta fumbi kuti iwale. Sindinawauze kanthu.

Ndine mlongo wanu.